Mbiri ya Achemwali Anga, Amene Ankayeza Ululu wa Makoswe

Malemu amene tikuwaika lerowa ndi achemwali anga, amene abale a amuna awo ankawatchula kuti Amakoswe. Anabadwa m'chaka cha 1979, m'nyumba ya pafupi ndi njanji, kumene bambo athu ankagwira ntchito. Mutu waching'alang'ala unawayamba ali kusekondale. Aphunzitsi ankawakwapula, ati ndi ulesi, komabe anakhoza mpaka kuyunivesite.

Anakwatiwa m'chaka cha 2006 ndi alamu athu akhala kutsogolowa.

Ntchito yawo inali ya kafukufuku. Ankabaya makoswe mankhwala owadwalitsa mutu wonga wawowo, kenaka n'kumawakhudza pamphumi ndi kuphazi ndi kaulusi kopyapyala, kuti aone ngati kukhudza kochepa chabe kwayamba kuwapweteka. Khoswe akatsinzina n'kukabisa nkhope pakona, ankadziwa kuti ululu wafika. Ntchitoyi inkawadya mumtima, koma ankati popanda umboni palibe amene amakhulupirira munthu wodwala mutu.

Kunyumba umboniwo sunaphule kanthu. Akagona kuchipinda atatseka makatani, alamu ankawatsegula n'kukweza wailesi, ati mkazi wophunzira akafuna kuzemba kukhitchini amadwala. Kukabwera alendo, ankawauza kuti akazi awo atengera matenda kwa makoswe, ndipo alendowo ankafa nacho chiseko. Ena mwa inu ndikukuonani pano.

Kutchalitchi achemwali anali a kwaya. Phokoso la zokuzira mawu litawakanika, anayamba kumvera mapemphero ali pakhonde. Akuluampingo anawachotsa m'kwayamo, ati ayamba kunyada.

Lachiwiri lapitali anadzuka akusanza, dzanja lamanzere litafooka. Anauza amuna awo kuti, "Bambo, mutu uwu si wamasiku onse. Ndiperekezeni kuchipatala." Alamu anayankha kuti galimoto si yamasewera, n'kuidzutsa kupita kokaonera mpira. Mwana wawo wamkazi pochokera kusukulu anawapeza ali gone pansi kubafa, osalankhula. Madokotala anati mtsempha wam'mutu unaphulika, ndipo akanafika nawo m'mawa womwe uja akanapulumuka. Anatisiya Lachitatu.

Malemuwa asiya ana awiri, mayi athu, ife alongo awo atatu, komanso amuna awo, amene atipempha tilengeze kuti imfayi yabwera mwadzidzidzi. Talengeza, alamu.

Achemwali anga apumule mu mtendere.