Thovu la m'boyila linandichotsa ntchito

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Zulu wa ku Nabvutika, uja ena munkamuona akuzungulira m'tauni masana manja ali m'thumba. Ntchito inali itandithera, ndipo lero ndikuuzeni mmene inabwerera.

Ndimayendetsa boyila, chimphika chachikulu chopangira nthunzi, pa fakitale ina yoyenga mafuta a mpendadzuwa kuno ku Chipata. Changa ndi kusonkha moto ndi kuyang'anira kagalasi kosonyeza madzi, kuti nthunzi izipita bwino ku makina. M'chilimwe madzi a m'mipopi atayamba kuvuta, abwana anatilumikizira a pachitsime chakuya chimene anakumbitsa kuseri kwa fakitale. Tonse tinati madzi ndi madzi basi.

Sipanapite nthawi, boyila inayamba misala. Madzi a m'kagalasi ankavina, pena kukwera pena kutsika, ndipo m'mapaipi munkagogoda ngati muli munthu ndi hamala. Tsiku lina paipi inang'ambika polumikizira, makina onse zii. Abwana sanafunse zambiri. Anati ndinadzaza madzi kupitirira muyeso, mwina nditaledzera. Ine kuledzera! Munthu amene ngakhale thobwa logonera sindilawa!

Anandiimitsa ntchito. Zinandiwawa, sindinama, chifukwa pakhomo panga onse amadya za boyila imeneyo. Ndinafunsira ntchito kwina, koma mbiri inali itandifikira kale patsogolo, yakuti Zulu anaphulitsa paipi ndi mowa. Pemphero langa linali limodzi lokhalokha: Ambuye, mukudziwa kuti sindinalakwe, onetsani chimene chinalakwika.

Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi, Amayi Phiri, amene anapuma pa uphunzitsi wa sayansi ndipo pano amalima ku Kasenengwa, anandifunsa chimene ndinaondera chotere. Ndinawafotokozera zonse. Iwo anangofunsa kuti, "Bambo Zulu, madzi a pachitsimewo mukawalawa amamveka bwanji?" Ndinati ali ndi kamchere, moti tiyi wake sakoma. Pamenepo anandituma ndikapemphe mnzanga amene anatsala pa ntchito kuti anditungire madzi a m'boyila atazizira.

Nditawabweretsa, amayiwo anawathira m'botolo, a pampopi m'botolo lina, n'kukhutchumula onse awiri. A pampopi thovu lake linali lalikululikulu ndipo linatha pomwepo. A m'boyila anayera mbee ndi tithovu ting'onoting'ono tochedwa kutha. Anandiuza kuti mchere wosungunuka m'madzi umaletsa tithovu kuphatikana kuti tikule n'kuphulika. Nthunzi ikamachoka mcherewo umatsalira, n'kumachuluka tsiku ndi tsiku, mpaka madzi amafufuma ngati mkaka pamoto n'kuthawira m'mapaipi, momwe amagogoda mpaka kung'amba paipi. Chimene ndinkachiona chikuvina m'kagalasi chinali thovu.

Amayi Phiri anapita nane kwa abwana, mabotolo ali m'chikwama. Abwana anakwinya nkhope, koma paipi ina inali itayambanso kudontha ine kulibe, choncho anamvetsera. Anaitanitsa woyeza madzi, ndipo iye ananena zomwezo. Abwana anaika makina ochotsa mchere m'madzi, nalamula kuti tizitaya pafupipafupi madzi a pansi pa boyila.

Mlungu wotsatira anandiitana. Kupepesa sanapepese ayi, anangoti, "Zulu, fulumira, makina akudikira." Ine mawu amenewo anandikwanira. Ndinavala ovolosi yanga, ndipo poyatsa moto misozi inatsika, anzanga n'kumandiseka kuti ndi utsi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa mayi amene sanagwirepo boyila chibadwire. Inu amene mwasenzetsedwa mlandu wosaudziwa, musaleke kupemphera, ndiponso musamadzitsekere m'nyumba ndi manyazi. Wina akakufunsani chimene chikukudyani, muuzeni zonse. Ine ndikanayankha kuti ndili bwino, bwenzi lero ndikadali pamsewu ndi dzina la chidakwa.