Timagalasi tiwiri m'kachitini ka tiyi

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Agnesi wa ku Railways kuno ku Kabwe, mwana wa m'Malawi amene anabwera kudzagwira ntchito mumgodi. Ndikuuzeni za chotupa chimene chinandimera pakhosi zaka zija za chipani chimodzi, pamene tinkaswera pamzere wa sopo ndi mafuta ophikira.

Masiku amenewo ndinali woyambitsa nyimbo m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo sindibisa, mawu angawo ndinkayenda nawo mapewa m'mwamba. Chotupacho chitayamba, azakhali anga anati ndi chithokomiro chabe, cha kumtundu, agogo anakalamba nacho osadandaula. Ananditema mphini, n'kundipatsa mikanda yoti ndizibisira. Ndinaivala chaka chathunthu, anthu n'kumati Agnesi watchena.

Amene sanapusitsike anali Amake Joni, mkazi wa woyang'anira akaidi ku Mukobeko. Mayi ameneyu tinkalimbirana naye kuyambitsa nyimbo, moti ngakhale moni tinkapatsana monyinyirika. Tsiku lina titatha kuyeserera anandikokera kuseri kwa tchalitchi, n'kukweza mikanda ija ndi chala.

"Imwe ba Agnesi, ichi chinthu chakosa monga mwala, na mau yanu yayamba kusasa. Mailo tiyenda ku chipatala, olo mukalipe."

Ndinakalipadi, poganiza kuti akufuna malo anga. Koma m'mawa mwake ndinangoona munthu ali pakhomo, atamanga kale chitenje.

Kuchipatala dokotala analowetsa kasingano kowonda m'chotupacho, n'kukoka timadzi pang'ono, n'kupaka pa timagalasi tiwiri. Anandiuza mosabisa kuti akuganizira khansa, koma kuti khansa ya chithokomiro ili mitundumitundu. Ina imathamanga, imatseka pakhosi m'miyezi yochepa. Ina imayenda pang'onopang'ono, ndipo ikachotsedwa munthu amakalamba bwinobwino. Katswiri wodziwa kusiyanitsa mitunduyi poyang'ana timagalasito pa makina okulitsa zinthu anali ku Lusaka, ndipo galimoto yopita nato inali itaima chifukwa mafuta anali atasowa m'tauni monse.

Zonse za mitunduzo zinandidutsa, ine ndinangomva khansa basi. Nditafika kunyumba ndinagawa zitenje zanga, yunifolomu ya kwaya ndinapatsa mng'ono wanga, n'kuyamba kuphunzitsa amuna anga kuluka tsitsi la ana athu aakazi awiri. Manja awo ozolowera zitsulo za sitima kuntchito aja, ana ankalira, inenso n'kumalira. Pemphero langa linali limodzi lokha: Ambuye, ndiloleni ndilere ana angawa.

Yankho linadzera mwa mdani wanga yemwe uja. Amake Joni anabwerera yekha kwa dokotala, napempha timagalasi tija pamodzi ndi kalata. Anatikulunga m'thonje, n'kutiika m'kachitini ka tiyi, n'kukwera sitima. Munali modzaza moti anaimirira mpaka ku Lusaka, kachitiniko atakakumbatira pachifuwa ngati khanda. Kumeneko anagona kwa mlamu wake, ndipo m'mawa uliwonse ankakakhala pabenchi ya kuchipatala mpaka akuchipatalako anatopa naye, n'kumupatsa yankho m'envulopu yomata.

Tinapita nayo limodzi kwa dokotala wathu. Anawerenga, n'kumwetulira. "Ndi khansa ndithu mayi, koma ndi yaulesi ija. Tichotsa, ndipo mudzaona zidzukulu."

Abale, ndinaseka ndikulira nthawi imodzi. Amake Joni anayambitsa nyimbo pompo m'chipinda cha dokotala, ine osamuletsa, koyamba m'moyo wanga. Ntchito imene inatsala inali yolondola zitenje zanga khomo ndi khomo, ndipo mng'ono wanga anabweza yunifolomu ija nkhope ili gwa.

Opaleshoni inayenda bwino. Mawu anga anabwerera, koma otsika, osafikanso kumwamba kuja. Ndimamwa kapilitsi kamodzi m'mawa uliwonse, ndipo ndikamameza ndimati zikomo Ambuye. Ana aja ndinawalera ndekha ndi manja angawa, lero ndikuluka tsitsi la ana awo.

Inu amene mukubisa chotupa kapena vuto lina lililonse, musabise, ndiponso musafulumire kugawa zitenje. Pitani akaone, pempherani, limbani mtima, pakuti Mulungu amatuma amene wafuna, osati amene inu mumakonda. Lamlungu mukabwera kutchalitchi kwathu mudzandipeza pamzere wachiwiri wa kwaya, chipsera chili poyera popanda mikanda. Patsogolo panga pamaima Amake Joni. Iye amayambitsa, ine n'kuvomera ndi mtima wonse.