Maluwa Othawira kwa Aneba

Pa siteji ya basi, mayi wina anasendera kuti bambo wonyamula mpukutu wa waya akhale pansi.

"Wayayu ndi wa khola la nkhuku, bambo?"

"Ayi mayi, ndi wa boganiviliya, maluwa oyanga aja. Kuthirira ndine, kubayidwa ndi minga ndine, koma maluwa onse amakachitira kuseri kwa mpanda, kwa aneba. Kwanga masamba okhaokha."

"Amatsata dzuwa amenewo. Osangodula nthambizo bwanji?"

"Ndinapitatu, chikwanje kumanja. Pakhonde pawo ndinapeza mayi awo ali pa njinga ya olumala. Anafa ziwalo mbali imodzi, sayankhulanso. Akuti kukacha amaloza panja, ndipo amalola kudya pokhapokha akawakhazika moyang'ana maluwawo."

"Mayo ine! Ndiye munati mwadzatani?"

"Ndinati ndadzabwereka tupa, chikwanje changa chabuntha."

"Nanga wayayu?"

"Nthambi zakwera m'mwamba kwambiri, pomwe mayi aja khosi silidzuka. Ndikufuna ndizikokere m'munsi, aziwaona bwino maluwawo."

"Ndiye kwanu kukhalabe masamba okhaokhatu."

"Eya, masamba ndi minga. Koma masiku ano ndikamathirira sindinyinyirikanso."