Ndinafa Filimu Itangoyamba

Abale ndi alongo, mwaswera bwanji? Ambuye alemekezeke!

Ine ndine Kalinde, kwathu ku Ntcheu. Ndinabwera kuno ku Nairobi zaka za m'ma 90. Ndinkayendetsa galimoto ya bungwe lina ku Gigiri. Ntchito yabwino, nyumba ku South C, ana pasukulu.

Tsiku lina kunabwera mzungu wa ku Spain, wopanga mafilimu. Mafilimu ake ndi aja oimitsa mutu, oti munthu waphedwa koma womupha sakudziwika. Kwawo anali wotchuka zedi. Anandiona ndikudikira abwana, n'kunena kuti, "Nkhope iyi ndiyo ndikufuna. Ukhala wapolisi mufilimu yanga."

Ndinamupempha andiuze nkhani yonse. Anakana. Akuti iye sauza munthu mathero, kuti mantha azikhala enieni. Ankatipatsa mawu a tsiku lomwelo basi. Tsono ine ndinati, wapolisi ndiye amagwira chigawenga kumapeto. Kuntchito anandikaniza tchuthi. Ndinasiya ntchito, abale!

Mayi a kunyumba anati, "Bambo a Chisomo, mwafunsa kuti mukhalamo mpaka liti?"

Ndinati, "Wapolisi safa."

Sabata isanathe, tikujambula ku Karen, anandipaka zofiira pachifuwa. "Gona pansi. Wafa." Ndafa? Ndinafunsa kuti, "Nanga mawa?" Anati, "Za iwe zathera pompa. Oonera adzadzidzimuka, n'zimene ndimafuna."

Oonera adzidzimuke, ana anga adye chiyani? Mpaka lero zimandiwawa. Munthuyo ankadziwa kuyambira tsiku loyamba. Ankadziwa! Iye anakwera ndege kukawomberedwa m'manja kwawo, ine n'kukwera matatu, minibasi zathu zakunozi. Ku Gigiri anali atalemba kale wina. M'nyumba anatitulutsa. Mayi anatenga ana, ulendo wa ku Ntcheu, ine kumagona pabenchi m'tchalitchi muno. Ndinkapemphera mokwiya, sindikunama.

Koma Mulungu! Abusa anali ndi kamera imene inkangokhala m'kabati, woigwira kunalibe. Ine masiku ochepa aja ndinali nditaonako mmene amaiimikira. Ndinajambula ukwati, kenako kwaya, kenako maliro a m'bale wathu wina, kaseti n'kutumiza kumudzi kuti mayi ake aone mmene tinamuperekezera.

Lero ntchito yanga ndi imeneyo. Sindinatchuke. Filimu ija sindinaionere, ndipo sindikuifuna. Koma tatembenukani muone kumbuyoko. Mayi avala chitenje chobiriwirawo, ndi anyamata awiri ali pambali pawowo, ndi anga. Anabwerera, abale, anabwerera!

Zikomo Ambuye. Ameni.