Chithunzi cha Tiyamike mu yunifolomu

Abale ndi alongo, landirani moni m'dzina la Ambuye. Ndine mayi wa kwa Nsamala ku Balaka, ndipo ndikufuna mumve za tsiku limene mwana wanga akanatengedwa ndi anthu oipa chifukwa cha foni yanga yomwe.

Mwana wanga Tiyamike ndi wachialubino. Chibadwireni anthu akhala akutinena, ena mpaka kulavula tikamadutsa. Ine ndiye ndi mtima wanga wapachalawu ndinati dziko lonse lione kuti sindichita naye manyazi. Atakhala nambala wani m'kalasi ndinamujambula ali mu yunifolomu, ataima pa chikwangwani cha sukulu, n'kuika pa tsamba langa la mchezo.

Mayi wina amene sindinamuonepo anayamba kundilembera, wokoma pakamwa zedi. Ankati bungwe lawo limagawa zipewa ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Anafunsa nthawi imene mwana amaweruka, njira imene amadzera, ngati amayenda yekha. Ndinayankha zonse mokondwa, mpaka kunena kuti amadulira kudambo.

Tsiku lina anzake a Tiyamike anaweruka, iye osaoneka. Anawo anati sanamuone kuchokera nthawi yopumula, ndipo pamsika pakumveka zoti kwabwera mlendo ali ndi chithunzi chake pafoni. Ndinafufuza tsamba la mayi uja, linali litafufutidwa. Ndinathamangira kudambo wopanda nsapato, ndikuitana dzina lake m'mabango mpaka mawu anatha. Ndinagwada m'matope n'kunena kuti, "Ambuye, njira ndawalozera ndekha, koma mwanayu ndi wanu."

Ndili chigwadire choncho anandipeza a Idrisa, bambo a kabaza a m'mudzi mwathu. Iwo ndi a kumzikiti, ndipo kupatula moni wa panjira tinali tisanachezepo. Anati ndidzuke, mwana ali moyo.

Anafotokoza kuti mlendoyo anatsika minibasi yochokera ku Liwonde n'kuwaonetsa chithunzi, akuti ndi malume ake a mwanayo. Koma anapempha kuti akamutsitse kudambo, osati kunyumba. A Idrisa amawadziwa alongo anga onse, komanso anadabwa kuti malume ake a munthu akadikire mwana wa mlongo wawo m'mabango bwanji. Ananamizira kuti tayala laphwa, n'kumusiya pamsika kuti adikire. Anapalasa mpaka kwa aphunzitsi aakulu, amene anamusunga Tiyamike mu ofesi, kenaka a Idrisawo anakauza apolisi a m'mudzi. Munthu uja ataona anthu akusonkhana anathawa, ndipo mpaka lero sanapezeke.

Zithunzi zonse ndinachotsa tsiku lomwelo. Mwana ataona, anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Amayi, mwandichotsa chifukwa mwayamba kuchita nane manyazi?" Funso limenelo linandipweteka kuposa zonse. Ndinamukumbatira n'kumuuza kuti iyayi, ndikufuna ndizimuona pakhomo pano, osati pafoni.

Ndikuthokoza Mulungu amene anadzera mwa munthu yemwe sindinkamuganizira n'komwe. Inu amene mantha akukusowetsani tulo musaleke kupemphera, Iye amamva ngakhale mawu atatha. Koma musauze munthu wosamudziwa kumene mwana wanu amaphunzira kapena kumene amadutsa. Masiku ano ndimamuperekeza ndekha m'mawa, masana amabwera pa njinga ya a Idrisa, ndipo sindikhala pansi mpaka nditamva belu lawo.