Ndinagona M'chigwa, Wenzulo Ili M'thumba

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupatsani moni nonse. Ine ndine Esinati, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinataya mwana, m'ma 1970, tikukhala kunja kuno, mumzinda wa Hamilton.

Mwana wathu woyamba anabadwa atamwalira kale. Kukanakhala kumudzi azimayi akanandizinga, koma kuno pamaliro tinalipo anthu asanu. Amuna anga, a Yohane, ankapita kufakitale ya zitsulo n'kubwera osalankhula kanthu. Ine ndinabwerera ku unesi, ndikusambitsa odwala mtima utauma gwa. Kupemphera ndinaleka.

Mnzanga wa kuntchito, Aila, wochokera ku Finland, anandikokera ku kalabu yawo ya oriyentiyaring'i. Kumeneko amakupatsa mapu, kampasi yolozera kolowera, ndi wenzulo, n'kukutumiza wekha m'nkhalango kukasaka timbendera tobisidwa. Ndinkapita osati chifukwa chokonda masewerawo, koma poti m'nkhalango munalibe wondifunsa kuti ndikupeza bwanji.

Loweruka lina mu Novembala, chipale chofewa chinayamba kugwa tili pakati pa mpikisano. Ndinasochera, ndipo potsika chigwa china ndinaterereka pamwala n'kuthyoka pakakolo. Lamulo la kalabu linali lakuti ukavulala uziimba wenzulo mpaka wina abwere. Abale, ndiulule pamaso panu: sindinaimbe. Ndinagona pamasamba onyowa, zala zitachita dzanzi, ndikuganiza kuti kuli bwino ndimutsatire mwana wanga. Ndinakhala choncho nthawi yaitali, chipale chikundikwirira miyendo.

Kenako kuzizira kunaleka kupweteka, tulo tinayamba kundigwira. Monga nesi ndinadziwa tanthauzo lake, kuti imfa yayandikira, ndipo mantha anandigwira. Ndinati, "Ambuye, ndakukwiyirani, koma musandisiye pano." Pemphero lonse linali lomwelo. Ndinatulutsa wenzulo, koma milomo inali itauma, moti wenzuloyo inangolira pang'ono ngati kamwana ka nkhuku.

Amene anandimva anali a Gunnar, bambo wokalamba wa m'kalabumo, omwe anatumidwa kukazula timbendera mpikisano utaimitsidwa. Chigwacho sichinali panjira yawo. Anandiuza pambuyo pake kuti anadzera kumeneko pongothawa mphepo ya pamtunda. Anavula jekete lawo n'kundiveka, nandimanga mwendo ndi ndodo ya kambendera. Anandibereka kumsana, munthu wa imvi, akupumira m'mwamba, ndipo njira yonse ankandikakamiza kulankhula kuti ndisagone.

Kuchipatala a Yohane anafika ndi zovala za kuntchito. Anandigwira dzanja nati, "Mayi, mukanapita inunso, ine ndikanatsala ndi ndani?" Analira mokweza, anthu a m'wodi akuyang'ana, ndipo nanenso ndinalira. Ndinawauza zoona a Yohane, kuti wenzulo ndinali nayo koma ndinachedwa dala. Tsiku limenelo tinayamba kulankhulana.

Sindikunamizani kuti zonse zinakoma. Zala ziwiri zakuphazi madokotala anandidula, mpaka lero ndimatsimphina, ndipo mwana wina sitinapatsidwe. Koma tinakalamba limodzi ndi a Yohane, tikupemphera pamodzi m'mawa uliwonse. Patapita zaka, a Gunnar ndinakawaona akudwala, ndipo ndinawasambitsa ndi manja angawa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya. Inu amene mwatopa mpaka kulakalaka imfa, musabise. Uzani munthu wina lero lomwe, ngakhale mawu atuluke movutikira. Limbikani, Ambuye akusungeni.