Tsiku Limene Damu Linafuna Kundilanda Limbani

Abale ndi alongo mwa Ambuye, a mumpingo wathu wa ku Edmonton kuno ku London ndi nonse amene mawu awa akupezeni pa foni, landirani moni wanga. Ine ndine Nachisale, agogo ake a Tadala. Kulemba sindidziwa, akundilembera ndi apongozi anga, amake Tadala, ine ndikungoyankhula. Ndikufuna mumve mmene madzi a dziko lino anatsala pang'ono kumeza mwana wanga Limbani, ine ndikuona ndi maso angawa.

Ndinachoka ku Katete kudzalera adzukulu. Limbani amayendetsa basi, ndipo Loweruka akapuma ankanyamula ndodo zake m'mamawa, amvekere, "Amama, ndapita kowedza." Madzulo ankabwera chimanjamanja, ngakhale kakapenta kamodzi ayi. Ankangondionetsa chithunzi pa foni atanyamula chinsomba, n'kumati wachibwezera m'madzi chifukwa ndilo lamulo la pa damupo. Inu, kwathu mwamuna akamapita kowedza sabata ndi sabata osabweretsa ndiwo, timadziwa kumene akuwedza. Mtima wanga unati pali mkazi wina. Amake Tadala anaseka nditawanong'oneza, koma ine sindinaseke. Malemu bambo ake a Limbani anayambanso choncho, iwo ankati akupita kokumba mbewa.

Mwezi wa Okutobala, mitengo itayamba kuyoyola masamba, ndinayamba kulota maloto amodzimodzi. Ndikuyanika malaya a Limbani pa chingwe, ndafinya, koma madzi akungotsikabe, sakuuma. Ndinati basi, banja la mwana wanga likutha. Ndiye Loweruka linalo ndinamudikirira pakhomo nditavala kale.

"Amama, kumazizira kuja, mukadwala," anatero.

"Ndikadwalira komweko. Ndikufuna ndikamuone mpongozi wanga winayo."

Anapukusa mutu, n'kuyang'ana zitenje ziwiri zimene ndinamanga pamwamba pa chijekete. Anati, "Apa ndi pa London, Amama, anthu m'basi atiyang'ana." Ndinamuuza kuti ayang'ane, chisanu sichili m'chiuno mwawo.

Tinafika ku damu. Nkhungu inali itakuta ponseponse, tsidya osaoneka. Madzi anali bii, osagwedezeka. Kwathu pamadzi pamakhala phokoso, amayi akuchapa, ana akusambira, achule akulira. Apa panali zii. Gombe lake silinali la mchenga, linali la simenti yotsetsereka, yodzala ndere ndi masamba owola. Tikukhazikika, chigalu chakuda chinatulukira m'nkhungumo, chinaima n'kundiyang'anitsitsa, kenako wina wosaoneka analiza likhweru, icho n'kuzimiririka. Ndinayamba kupemphera chamumtima, chifukwa ine zoterezi sindizitenga ngati masewera.

Mkazi kunalibe. Kunali Limbani yekha, kampando kake, kaukonde kovuulira nsomba ndi tinsomba ta pulasitiki timene amakola ku mbedza ngati nyambo. Anandifotokozera kuti nyengo yabwino ndi imeneyi, madzi akayamba kuzizira nsomba yotchedwa zanda imayandikira kugombe kudzasaka tinsomba, ndipo imakonda tsiku lopanda dzuwa. Ndinayenera kupepukidwa mtima kuti mwana wanga sanama, koma katundu anali akadali pachifuwa.

Chakumasana ndodo inapindika. Limbani analimbana ndi nsomba mpaka anaivuula. Abale, nsomba imeneyo sindinaikonde. Yaitali ngati mkono wanga, mano ngati a galu, minga ili njo pamsana. Koma maso! Anali mbuu, ngati a munthu amene watsirizika palibe womutseka zikope. Limbani anajambula chithunzi akumwetulira, kenako anatsika pa simenti paja kuti akaibweze. Amati suiponya, umaigwirizira m'madzi mpaka ipeze mphamvu. Anawerama, nsomba inapita, iye potembenuka phazi linaterereka pa ndere.

Khuvu!

Anali atavala majombo aatali ofika pachifuwa, ndipo anadzaza madzi nthawi yomweyo. Chisanu chinamutsekera mpweya, kukuwa anakanika, ankangoyasama ngati nsomba ija. Akagwira simenti zala zinkangotsetsereka, madzi akumukokera pansi. Ine kusambira sindidziwa. Foni yake inali pa kampando, koma yokiyidwa ndi manambala amene kwa ine ndi mizere chabe. Chingelezi changa chimathera pa moni. Ndinayang'ana uku ndi uku, nkhungu yokhayokha. Pamenepo ndinaona malaya aja a m'maloto, ali pa thupi la mwana wanga.

Ndinafuula kuti, "Yehova, abale ake ndinawaika kale m'manda ku Katete! Uyu yekha musandionetse, m'dziko la eni!"

Sindinganame kuti ndinamva liwu. Ndinangoona manja anga ali m'chiuno, akumasula zitenje. Ndinazilumikiza ndi mfundo imene timamangira mwana kumsana, ija yosamasuka ngakhale uthamange. Nditaponya koyamba, nsalu inangouluka n'kugwera pafupi. Koma inanyowa, inalemera, ndipo nditaponyanso inamufika. Anaikulunga padzanja. Ndinakoka, koma nkhalamba ingakoke bambo wathunthu ndi majombo odzala madzi? Iye ndiye amene ankandikokera ine ku ndere. Pambali panali chitsulo chozikika chokhala ndi chikwangwani. Ndinakulunga nsalu pamenepo, ndinakhala pansi, n'kugwira nganganga.

Sanamire, koma sanatulukenso. Milomo yake inayamba kusintha mtundu. Ndinamva chitenje chikung'ambika pang'onopang'ono pafupi ndi chitsulo.

"Amama, manja afa," anatero, mawu ali pansipansi.

"Gwira, iwe! Ndinakubereka ndi nsalu, sindikutaya uli pa nsalu!"

Nditaona mutu wake ukuzyolika, ndinalira maliro. Osati kuitana anthu ayi, maliro enieni a kwathu, aja amene amadzutsa mudzi wonse: "Mayo ine! Mwana wanga ine!" Mawu anapita pamwamba pa madzi aja.

Choyamba kufika chinali chigalu chakuda chija, chimene ndinachiyesa malodza. Chinaima pambali panga chikuuwa osalekeza. Pambuyo pake panatulukira mzungu wokalamba, akuthamanga motsimphina, wefuwefu. Sanafunse kanthu. Anatola kaukonde ka Limbani ka mpini wautali, anagona chafufumimba pamwamba pa simenti, n'kumukola nako kukhwapa. Iye kumpini, ine kunsalu, tinakoka mpaka mwana wanga anatuluka ngati thumba la chimanga lonyowa. Bamboyo anamufunditsa chijasi chake, n'kuitana ambulansi. Dzina lake sindilidziwa mpaka lero, koma Mulungu amalidziwa.

Ku chipatala chachikulu cha ku Edmonton ndinaima pakhonde, osamva zimene madokotala akunena. Nesi wina anayang'ana chitenje chong'ambika m'manja mwanga n'kunena m'chinenero chathu, "Agogo, khalani pansi. Thupi layamba kufunda, mwana wanu akhala moyo." Anali mwana wa ku Dedza. Ndinagwada pomwepo.

Ndiye ndikuti zikomo Yehova. Ine ndinapita ku damu kukagwira mkazi amene kunalibe, Inu munanditumiza kukagwira mwana wanga. Akulu anati mwana sakulira nakubala, ndipo ndaziona. Inu amene mtima ukukulemerani pa mwana wanu osadziwa chifukwa chake, musaleke kupemphera, ndipo ngati miyendo ilipo, mutsateni. Ngakhale zimene mukuganizazo zikhale zolakwika, Mwini wake adziwa chimene akukudzutsirani.

Limbani akuwedzabe, koma tsopano amavala chovala choyandamitsa, ndipo sapita yekha. Nsomba ya zanda sindinailawe mpaka pano. Loweruka lapitali ndikumanga nsalu pamwamba pa chijekete, iye anaima pakhomo n'kundiyang'ana.

"Amama," anatero, "mwamanga ziwiri?"